Clements Kadalie, Mlembi wa Anchito

Munthu akaima pa Feira, pa boma limene masiku ano lichedwa Luangwa, aona mitsinje iwiri ikukomana, ndiyo Luangwa ndi Zambezi, ndipo maso ace afika m'maiko atatu nthawi imodzi: Zumbo ali tsidya la Luangwa, Kanyemba ali tsidya la Zambezi. Dzina lakuti Feira ndi la Cipwitikizi, ndipo tanthauzo lace ndilo msika. Kale pa msika umenewu padagulidwa minyanga ya njobvu ndi akapolo. Pamene migodi ndi mapulazi zinatsegulidwa m'dziko la Southern Rhodesia, malonda anasintha, pakuti tsopano cimene cinali kuoloka mtsinje cinali mphamvu za amuna. Anyamata ocokera ku Fort Jameson, ku Petauke ndi ku Nyasaland anali kuyenda pansi masabata ambiri, naoloka pa bwato, kukafuna ndarama za msonkho ndi za nsaru. Ena anabwerako ndi njinga ndi mabulangete, ena anasanduka machona. Mwa anthu zikwizikwi amene anatsikira kumwera m'zaka zimenezo, ena pa njira iyi ena pa njira zina, munali mnyamata wa Citonga amene pambuyo pace anagwedeza Boma la South Africa, wopanda mfuti kapena nthungo, koma ndi kaundula wa maina a anchito.

Clements Kadalie anabadwa m'mwezi wa April 1896 pa mudzi wa Chifira, kufupi ndi mishoni ya Bandawe, m'mbali mwa nyanja ya Nyasa. Anali mdzukulu wa Chiweyu, mfumu ya Atonga, ndipo banja lao ndilo la a Muwamba, limene linaturutsa aphunzitsi ndi akalaliki ochuka. Mbale wace Ernest Alexander Muwamba anagwira nchito ya ukalaliki m'Northern Rhodesia, ndipo m'caka ca 1949 anakhala mmodzi wa anthu akuda awiri oyamba kulowa m'Bwalo la Malamulo la Nyasaland. Clements anaphunzira ku Livingstonia, pa sukulu yaikuru ya Dr Robert Laws, natsiriza maphunziro a uphunzitsi m'caka ca 1912, ali ndi zaka 16 zokha. Anaphunzitsa kanthawi kocepa m'masukulu a m'midzi. Malipiro a mphunzitsi masiku amenewo anali ocepa ndithu, ndipo Atonga anali anthu ozolowera kale maulendo. Motero m'caka ca 1915 anatsanzika kwao.

Anayamba wagwira nchito pa munda wa thonje m'dziko la Apwitikizi, napitirira kunka ku Southern Rhodesia, kumene anakhala kalaliki pa mgodi wa Shamva ndi wa Falcon, ndi pambuyo pace ku Bulawayo. Kalaliki wa pa mgodi ndi munthu wokhala pakati. Salowa pansi pa nthaka, koma ndiye alemba matikiti, ndiye aona dzina la munthu aliyense ndi masheleni amene alandira, ndiye aona phoso likuyesedwa ndi maina a akufa akufafanizidwa m'buku. Adziwanso kuti Mzungu wokhala pa tebulo loyandikana nalo, wolemba zomwezo, alandira kuposa iye kambirimbiri. Sukulu ya Livingstonia idamphunzitsa Kadalie kuti anthu onse ali ofanana pamaso pa Mulungu, ndipo mabuku a pa mgodi anali kumuonetsa zina tsiku ndi tsiku. Sanakhalitse pa nchito iriyonse, cifukwa sanali munthu wodziwa kumeza mau.

M'caka ca 1918 anafika ku Cape Town, kumene kunali mkuru wace Robert, nagwira nchito zazing'ono za kulongedza katundu ndi utumiki. Iye mwini analemba kuti tsiku lina, alikuyenda mu mseu wa Darling Street, wapolisi wa Cizungu anamkankha kumcotsa pa njira ya oyenda pansi, ndipo Mzungu wina amene anaona zimenezi anadza kudzalankhula naye. Mzunguyo anali A. F. Batty, munthu wa maganizo a cisosholizimu, amene anali kufuna kuimira cigawo ca ku doko pa cisankho. Awiriwa anapangana kusonkhanitsa anchito a pa doko, ndipo m'mwezi wa January 1919 anthu 24 analembetsa maina ao m'bungwe latsopano, dzina lace Industrial and Commercial Union, limene dziko lonse linadzalidziwa ndi malemba atatu akuti ICU. Ambiri a iwo anali Makaladi onyamula katundu m'zombo. Kadalie anasankhidwa kukhala mlembi.

Nthawi inali yabwino kwa bungwe lotere, ngakhale inali yoipa kwa anthu. Nkhondo yaikuru ya 1914 inali itangotha, mitengo ya zinthu inali itakwera kwambiri, malipiro ali pomwepo, ndipo kunali cilala. Pamene anthu anali kusowa cakudya, zombo zinali kunyamula cimanga ndi zakudya zina kunka nazo ku Ulaya, ndipo onyamula matumbawo anali anjala omwewo. M'mwezi wa December 1919 anchito a pa doko la Cape Town, ngati 2,000, anakana nchito, nanena zinthu ziwiri: zakudya zileke kuturuka m'dziko, ndipo malipiro akwere. Bungwe la Azungu a pa njanji, limene lidalonjeza kuwathandiza, linabwerera m'mbuyo pamene Boma linaletsa kutumiza zakudya kunja, ndipo patapita masabata awiri anthu anabwerera ku nchito opanda kanthu m'manja. Koma eni makampani a zombo anali ataona doko liri zii, ndipo sanafune kulionanso lotero. M'caka ca 1920, pamene ICU inapemphanso, anabvomera kulipira masheleni 8 pa tsiku, ndiko kunena pafupifupi kawiri malipiro akale. Boma linayankha ndi kalata yakupitikitsa Kadalie m'dziko monga mlendo wosafunika, koma kalatayo inafafanizidwa kuciyambi kwa 1921.

Caka comweco ca 1920 cinaonetsa zinthu ziwiri zimene zinatsata bungweli kufikira mapeto ace. Coyamba cinali mkangano wa atsogoleri. M'mwezi wa July kunali msonkhano ku Bloemfontein wofuna kuphatikiza mabungwe onse a anchito akuda, ndipo Selby Msimang anasankhidwa kukhala mtsogoleri. Kadalie, posapatsidwa mpando wa mlembi, anabwerera ku Cape Town wokwiya, natenga anthu ace. Caciwiri cinali mwazi. Ku Port Elizabeth, m'mwezi wa October, apolisi anagwira Samuel Masabalala, mtsogoleri wa anchito kumeneko, ndipo pamene khamu la anthu linasonkhana pa polisi kupempha kuti amasulidwe, mfuti zinalira, nafa anthu oposa 20.

Kuyambira pamenepo bungwe linakula pang'onopang'ono m'matauni a ku Cape, ndipo m'caka ca 1923 linayamba kusindikiza nyuzipepala yace, Workers' Herald. Nyuzipepala imeneyi inayenda kutali m'matumba a anthu obwerera kwao. Ku Nyasaland, m'caka ca 1926, Isa Macdonald Lawrence anaweruzidwa kukhala m'ndende zaka zitatu ndi nchito ya kalavula gaga cifukwa ca kulowetsa m'dziko nyuzipepala imeneyi pamodzi ndi Negro World ya Marcus Garvey. Zaka zitatu cifukwa ca mapepala: cilango cimeneci cionetsa m'mene maboma a kumpoto anali kuopera dzina la Kadalie.

Pa ndale Kadalie anapunthwa kolimba m'caka ca 1924. General Hertzog, mtsogoleri wa Mabunu, adamlembera kalata yaulemu m'caka ca 1921, natumiza ndarama pang'ono zothandiza otsala a ku Bulhoek, kumene asilikari a Boma la General Smuts adapha anthu oposa 160 a mpingo wa Enoch Mgijima. Pokumbukira zimenezi, ndi pakudana ndi Smuts, Kadalie analimbikitsa anthu akuda a ku Cape amene anali ndi mphamvu ya kusankha kuti athandize Hertzog ndi anzace a cipani ca Labour. Hertzog atalowa m'Boma anayamba kucotsa anthu akuda pa nchito za pa njanji ndi zina za Boma, naikapo Azungu osauka pa malipiro okwera. Lamulo la 1924 la kuyanjanitsa olemba nchito ndi anchito, limene Boma la Smuts lidasiya litakhazikitsa, silinawerenge munthu wonyamula citupa monga wanchito konse, kotero kuti bungwe la anthu otere linalibe mpando pa bwalo lokambirana za malipiro. Munthu wocenjera ngati Kadalie akadayenera kuona kumene mphepo inali kulowera, koma kalata yaulemu yocokera kwa munthu wamkuru imacititsa khungu ngakhale ocenjera.

Zaka za ulemerero wace zinali 1926 ndi 1927. Likuru la bungwe linasamukira ku Johannesburg, kumene anthu a kuno amati ku Joni, ndipo ku Durban kunali A. W. G. Champion, munthu wa Cizulu wodziwa kugwiritsa nchito mabwalo a milandu, amene anagonjetsa malamulo angapo a tauniyo osautsa anthu akuda. Pamene Boma linaletsa Kadalie kulowa m'Natal m'caka ca 1926, iye anakwera sitima poyera, nakalankhula ku Durban pamaso pa apolisi. Anamlipitsa, koma anapambana pa apilo. Mbiri imeneyi inathamanga ngati moto wa lupsya. Anthu amene adamumva akulankhula amati mau ace anali ang'ono ndi okwera, koma oturuka ngati madzi a pa mathithi. Codabwitsa ndi cakuti sanali kulankhula Cizulu, Cixhosa kapena Cisutu bwino. Anali kulankhula Cingerezi ca ku Livingstonia, omasulira ataima pambali pace, ndipo makamu anali kuima pa dzuwa kumvetsera mlendo wocokera ku nyanja imene ambiri a iwo sanaidziwe. Ena amaganiza kuti ulendo wacewo ndiwo unamthandiza, popeza sanali wa pfuko liri lonse la kumeneko, ndipo panalibe pfuko lomuyesa wa adani ao. Malemba atatu aja, powachula m'Cingerezi, amveka ngati mau akuti ndikukuona, ndipo anthu anawasandutsa cenjezo kwa kapitao ndi mwini pulazi: ukamenya wanchito, ukamana munthu malipiro ace, bungwe likukuona.

Pamenepo cinacitika cinthu cimene atsogoleri sanacikonzekere. Bungwe lidabadwira pa doko, ndipo linali ndi anthu a m'mafakitale, a pa njanji ndi a m'masitolo, koma tsopano anthu a m'mapulazi a ku Natal, Orange Free State ndi kum'mawa kwa Transvaal anayamba kulowa zikwizikwi. Awa anali anthu amene lamulo la malo la 1913 lidawatsekera njira ya kugula kapena kubwereka minda, okhala pa nthaka ya makolo ao monga alendo a Mzungu, nalipira ndi thukuta lao ndi la ana ao. Iwo sanali kufuna sheleni yoonjezera pa tsiku, anali kufuna nthaka. Ambiri anakhulupirira kuti munthu wokhala ndi tikiti lofiira la ICU sadzacotsedwa pa pulazi, ndi kuti tsiku lirinkudza pamene mapulazi adzagawidwa. Alembi ena a nthambi, pofuna maina ambiri, sanawatsutse. M'caka ca 1927 bungwe linanena kuti liri ndi anthu 100,000, ndipo panali pasanaoneke bungwe la anthu akuda lalikuru cotero m'maiko onse a kumwera kuno. Eni mapulazi anayankha mwa kupitikitsa mabanja a anthu a matikiti ofiira, pamodzi ndi ng'ombe zao, ndipo m'caka ca 1928 Azungu anaononga maofesi a bungwe ku Greytown ndi m'matauni ena oyandikana nayo. Bungwe linalemba maloya, linalipira milandu yambiri, koma nthaka linalibe yakupatsa munthu ndi mmodzi yemwe.

Apa ndipo pali funso lobvuta pa moyo wa Kadalie. Anali ndi khamu limene mtsogoleri aliyense akadalisirira, koma sanadziwe cocita nalo. A cipani ca Komyunisiti amene anali m'bungwe, monga James La Guma, John Gomas ndi E. J. Khaile, anali kunena kuti anchito agawidwe monga mwa nchito zao, fakitale ndi fakitale, kuti ndarama ziyang'aniridwe bwino, ndi kuti bungwe lisaope kukana nchito. Abwenzi ace a Cizungu, monga mai Ethelreda Lewis wolemba mabuku, anali kumlangiza kuti ayende mofatsa, kuti Boma ndi mabungwe a ku Ulaya amlandire. M'mwezi wa December 1926, pa msonkhano wa ku Port Elizabeth, Kadalie anacotsa Akomyunisiti m'bungwe. Ciweruzo pa nkhani imeneyi si capafupi, pakuti iwo anali ndi cipani cao cimene anali kumvera, ndipo mtsogoleri sakondwa ndi anthu a mafumu awiri. Koma kunena zoona, anthu amene anacotsedwawo ndiwo anali pakati pa odziwa kusunga mabuku ndi kuyenda pa zipata za mafakitale m'mamawa, ndipo mau ao pa za ndarama anali oona. Kuyambira pamenepo anchito akakana nchito mwa iwo okha, kawirikawiri akuru a bungwe anali kufika kudzawauza kuti abwerere.

M'caka ca 1927 Kadalie anapita ku Ulaya. Anafika ku Geneva pa msonkhano wa maiko wa za nchito, ngakhale Boma la South Africa linakana kumtuma monga nthumwi, ndipo anayenda m'Britain miyezi ingapo, nalandiridwa ndi atsogoleri a anchito kumeneko. Mwana wa ku Chifira analankhula m'mizinda imene aphunzitsi ace a ku Livingstonia adacokera. Koma mwini munda akakhalitsa ku ulendo, anyani sadikira. Pobwera anapeza nyumba iri ming'alu yokhayokha. Bungwe la mabungwe a anchito a Cizungu linakana pempho la ICU lakuti ilowe pakati pao, poopa kuti anthu 100,000 adzawamiza pa kuwerenga manja. Boma linali litakhazikitsa lamulo la 1927 lolanga munthu aliyense woutsa udani pakati pa akuda ndi oyera, ndipo Kadalie anazengedwa mlandu pa lamulo limeneli m'caka ca 1928, koma anapezeka wosalakwa. Coipa koposa cinali ca m'kati. Mlandu wina ku Durban unaulula kuti ndarama za nthambi ya kumeneko sizinasungidwe bwino. Champion anaimitsidwa pa nchito, ndipo anthu a ku Natal, amene ndiwo anali kupereka ndarama zambiri, anapatuka naye, napanga ICU yase Natal. Ndarama za anthu osauka, masikisi ndi masheleni osonkhedwa m'mapulazi, zinathera kwa maloya, pa magalimoto ndi m'matumba a alembi osakhulupirika, ndipo Kadalie mwini, amene anali wokonda zobvala zabwino ndi moyo wa m'tauni, sanali munthu wakuti nkuletsa anzace.

Ngakhale pamenepo dzina la bungwe linali lidakali lolemera. Kumapeto kwa 1928 Walter Madeley, nduna yoyang'anira za mapositi, analandira nthumwi za ICU kukamba za malipiro a anthu akuda a pa positi ku Johannesburg, Hertzog atamletsa. Hertzog anatula pansi udindo pamodzi ndi nduna zonse, napanganso Boma lopanda Madeley. Nduna ya Cizungu inataya mpando cifukwa ca kukhala pa tebulo limodzi ndi anthu a Kadalie.

M'mwezi wa July 1928 kunafika William Ballinger wa ku Motherwell m'Scotland, wotumidwa ndi abwenzi a ku Britain kudzalangiza bungwe, monga Kadalie mwini adapempha. Ballinger anatsegula mabuku napeza ngongole zokhazokha. Anali munthu woona mtima koma wouma, wozolowera mabungwe a kwao a malamulo olembedwa ndi malisiti, ndipo iye ndi Kadalie sanamvane ngakhale pang'ono. M'mwezi wa January 1929 Kadalie anacoka m'bungwe limene adaliyamba zaka khumi zapitazo, nayambitsa lina, Independent ICU. Tsopano panali mabungwe atatu kapena kuposa olimbirana malemba atatu omwewo, ndipo anthu a m'mapulazi, ataona kuti tikiti lofiira silinawasungire nyumba, analeka kusonkha. M'zaka zomwezo ku Johannesburg kunayamba timabungwe tating'ono ta ocapa zobvala, ophika buledi, osoka ndi opala mipando, tolongosoledwa nchito ndi nchito monga adanenera anthu ocotsedwa aja, ndipo njira imeneyo ndiyo inadzakhalitsa.

Munthu wina akadabwerera kwao ku nyanja pamenepo, kapena akadafuna ukalaliki pa kampani. Kadalie anapita ku East London, tauni ya doko, nayambanso pansi. M'mwezi wa January 1930 anchito a pa njanji ndi pa doko kumeneko anakana nchito, ndipo m'masiku owerengeka anchito a m'mafakitale, a m'masitolo ndi a m'nyumba za Azungu anawatsata, kotero kuti tauni yonse inaima. Uku ndiko kukana nchito kwakukuru kumene iye mwini anatsogolera kuyambira cija ca ku Cape Town, ndipo kunadza pamene mphamvu zace zinali zitatha kale. Anagwidwa pamodzi ndi anzace, nakhala m'ndende ngati miyezi iwiri, ndipo anthu anabwerera ku nchito. Pambuyo pace Boma linamletsa kucita misonkhano ku Johannesburg ndi m'matauni a migodi ozungulira. Anakhala ku East London zaka makumi awiri zotsala za moyo wace, akusunga kabungwe kace, akulembera anchito makalata a madandaulo, akukangana ndi akuru a tauni pa za nyumba ndi malipiro. Nyuzipepala zazikuru zinamuiwala, koma nchito imeneyi ya mlandu umodzi umodzi ndiyo imene bungwe lalikuru lija lidailephera.

Mbeu zina zinamera kutali ndi kumene iye anali. M'caka ca 1927 Robert Sambo, mnzace wa ku Nyasaland, anayambitsa ICU ku Bulawayo, ndipo Boma la Southern Rhodesia linampitikitsa msanga. Koma Masotsha Ndlovu anapitiriza nchitoyo, ndi Charles Mzingeli ku Salisbury, amene anaiutsanso m'caka ca 1946. Motero anthu a ku Feira ndi a ku Petauke ogwira nchito ku Halale anamva dzina la ICU m'malokesheni a kumeneko. M'Northern Rhodesia anchito a m'migodi ya mkuwa anakana nchito m'caka ca 1935 ndi ca 1940 opanda bungwe lowaimira, ndipo nthawi zonse ziwiri anthu anaphedwa ndi mfuti. Bungwe lao linadzakhazikika m'caka ca 1949, mtsogoleri wace Lawrence Katilungu, ndipo linamangidwa pa nchito imodzi yokha, ya m'migodi, ndi mabuku osungidwa bwino. Amene anatumidwa ndi Boma la Britain kudzalangiza za mabungwe, William Comrie, analinso wa ku Scotland.

M'caka ca 1951 Kadalie anapita kukaona kwao ku Nyasaland, patapita zaka 36 cicokere. Atabwerera ku East London anadwala, namwalira pa 28 November caka comweco, ali ndi zaka 55. Anasiya mbiri ya moyo wace yolembedwa ndi dzanja lace, imene inakhala yosasindikizidwa kufikira caka ca 1970, pamene inaturuka ku London ndi dzina lakuti My Life and the ICU.